A Dzonzi ndi Makutu Obwereka

Ntchito yanga ndi yophunzitsa achinyamata a pa koleji kulemba ndi kulankhula zomveka, ndipo ndikuuzeni mosapsatira, ana inu, kuti masiku ena ntchitoyi imandikwana. Ndimafunsa funso limodzi, munthu n'kundilembera masamba ambirimbiri a malonje okhaokha. Ndimafika kumapeto maso atafiira, yankho osalipeza. Ndikamuitana mwini wake kuti kodi apa umafuna kunena chiyani, amandiuza m'mawu ochepa, zomveka bwinobwino. Ndikati nanga zimenezo sunalembe bwanji, amangoseka, akuti zikanaoneka zochepa. Ndiye lekani ndikusimbireni za munthu wina amene ankaopa zochepa ngati inu nomwe. Ena adzakuuzani kuti mwambi umene udabadwa pa nkhaniyi ndi wakale kuposa makoleji onse. Asiyeni anene, ine ndikusimba momwe ndidamvera.

Kale ndithu, mafoni asanalowe m'matumba mwa anthu, m'mudzi wina wa m'tsinde mwa phiri mudali mayi wamasiye dzina lake Nangondo. Ana ake adali awiri. Wamkulu adali Lufeyo, amene ankaphunzira pa koleji ina m'tauni, ndipo wamng'ono adali mtsikana, Tionenji, amene ankaphunzira kusoka ku mishoni. Woyang'anira banjali adali mlongo wake wa Nangondo, a Dzonzi, mlimi wa fodya, munthu wokonda kulamula ali chikhalire.

Lufeyo sadali mbuli ayi. Nzeru adali nazo, ndipo mawu ankawakonda kwabasi. Vuto lake lidali loti akagwira cholembera ankaiwala kuti pali munthu wina amene adzawerenge pofuna kudziwa kanthu. Tsiku lina akuluakulu a pa koleji adamupempha, poti adali mlembi wa bungwe la ophunzira, kuti alembe chidziwitso choti mawa lake m'mipopi simukhala madzi, aliyense atungiretu. Lufeyo adayambira pa chilengedwe cha dziko. Adalemba za mitsinje, za mame a m'mawa, za mayi wosenza mtsuko, ndi kuti madzi ndiwo moyo wa mtundu wonse. Za mipopi zidabwera pansi penipeni, m'tizilembo topanikizana, pepala litatsala pang'ono kutha. Anzake adawerenga mpaka pakati, n'kumuyamikira kuti ndi katswiri, n'kupita osatunga. Mawa lake koleji yonse idalowa m'kalasi yosasamba.

Mphunzitsi wake wa zolembalemba, mayi wina wofatsa amene ndimamumvera chisoni mpaka lero, adayesetsa. Ankamuuza kuti wowerenga aliyense amabwera ndi mafunso awiri, chachitika n'chiyani ndiponso iye achite chiyani, ndipo kuti wolemba ayankhe amenewo kaye asanayambe kukometsera. Ankamuuzanso kuti kulemba kumayambira m'khutu, munthu amene sadamve alibe chimene angalembe. Lufeyo ankavomera mwaulemu, akatuluka n'kumauza anzake kuti mayiwo alibe luso, n'chifukwa chake amadana ndi aluso. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Koma anthu a mtundu wa Lufeyo ukawauza zimenezi amaona ngati ukuwachitira nsanje.

Tsono Tionenji adali ndi chibwenzi chodziwika kwa makolo. Mnyamatayo dzina lake adali Malizani, wa m'mudzi wa kuseri kwa phiri, ulendo wa tsiku lathunthu wapansi, ngakhale kuti mwini wakeyo ankagwira ntchito kutali, ku esiteti ya tiyi. Ankhoswe a mbali ziwiri adali ataonana kale, ndipo tsiku la chinkhoswe lidali litakhazikitsidwa, m'nyengo yozizira, anthu atapuma ku zokolola. Tionenji ankamukonda Malizani, osati mwamasewera. Ankasoka akuimba yekhayekha, amayi ake n'kumamuseka kuti tsiku lina adzadzisokera chala ku diresi la mwini wake.

Chaka chimenecho kudabwera Yotamu. Uyu adali mwana wa malemu bambo awo a Lufeyo ndi Tionenji, wobadwa kwa mayi wina, ndipo adakulira ku Zambia. Atabwera kudzaona abale ake adakhalitsa, ndipo poti adali ndi njinga, ankamunyamula mlongo wakeyo popita ku mishoni ndi pobwerera. A m'mudzimo ankamudziwa. Koma msewu wa ku mishoni unkadutsa pamsika, ndipo pamsika maso amachuluka kuposa nzeru. Anthu adaona mtsikana wotomeredwa ali pa kaliyala ya mwamuna wachilendo, akusekerera, tsiku ndi tsiku. Manong'onong'o adakwera phiri, adatsikira kwawo kwa Malizani, ndipo sadachedwe kukafika ku esiteti.

Nkhoswe ya Malizani adali atsibweni ake, a Chadzunda, munthu wachikulire wosakonda kugamula nkhani asanamve mbali inayo. Iwo adatumiza uthenga kwa a Dzonzi kuti abwere, pali mawu pang'ono. Aliyense wokulira kumudzi amadziwa kuti nkhoswe ikati mawu pang'ono, mawuwo sakhala pang'ono. A Dzonzi nawonso ankadziwa. Koma idali nyengo yosankha fodya, phiri lidali lalitali, ndipo Lufeyo adali pa tchuthi, akungoyendayenda pabwalo buku lili kukhwapa.

Nangondo adayesa kuwauza alongo akewo kuti woitanidwa ndi iwo, ndipo kuti nkhani ya ukwati wa mwana si yotumira munthu. A Dzonzi sadadzuke n'komwe pa mpando wawo wa m'chigafa.

"Mlongo wanga, mwanayu tikumuphunzitsiranji ngati sangatimverere nkhani? Makutu ake ndi a ku koleji, amaposa anga ndi ako kuphatikiza pamodzi. Kaya ndi za mbuzi, kaya ndi za anthu oitanidwa, akalemba ndipo ife tidzamva. Iwe Lufeyo, kandimverere."

Lufeyo adasangalala ngati wapatsidwa udindo wa kazembe. Adasita malaya, adatenga mapepala ndi cholembera, ndipo adanyamuka m'mamawa.

A Chadzunda ataona kuti pakhomo pafika mphwa m'malo mwa mwini nkhani, nkhope idagwa pang'ono. Adamulonjera, adamupatsa malo ogona, ndipo adafunsa ngati a Dzonzi akudwala. Lufeyo adati ali bwino, kungoti fodya wawagwira manja, ndipo atuma iyeyo ngati makutu awo. Mkuluyo adalingalira kuti poti mnyamatayu ndi mlongo wake wa mtsikanayo, ndevunso zamera, nkhani angathe kuisenza. M'mawa mwake adakhala awiri pansi pa mtengo wa mango.

Pano mumvetsetse, chifukwa ndi pamene pagona nkhani. Akuluakulu a kwathu akafuna kunena chinthu chowawa sayambira pa chowawacho. Amayamba ndi kuyamikira, amakuyendetsa m'mbalimbali kuti mtima ukhale pansi. Kenaka amatsitsa mawu n'kunena kuti "koma". Zonse zimene zanenedwa kamawu kameneka kasanafike ndi ulemu chabe. Chimene akuitanira chimabwera pambuyo pake, ndipo kawirikawiri chimakhala chachifupi.

A Chadzunda adayambira kutali monga mwa mwambo. Adati iwo a kuseri kwa phiri adayenda m'minda yambiri, ndipo m'munda mwa a Dzonzi ndi mmene adapezamo duwa. Adati duwalo lidamera pa nthaka yabwino, lidathiriridwa ndi manja a mayi wodziwa kulera, ndipo dzuwa la umasiye lidalephera kulifoola. Lufeyo atamva zimenezi mtima udadumpha. Mawu otere sankapezeka m'mabuku a ku koleji. Adapempha kuti amulole kulemba, ndipo a Chadzunda adalola. Nawonso ndi munthu, ataona kuti mawu awo akulowa m'pepala adakometsera kuposa momwe adakonzera. Adanena za tsinde la duwalo, za masamba ake, za mmene limaweramira mphepo ikawomba posonyeza ulemu. Cholembera cha Lufeyo chinkathamanga.

Kenaka mkuluyo adayang'ana pansi, adatola kamtengo n'kumakanda nako dothi, ndipo mawu adatsika.

"Koma tamva kuti pa duwa limeneli pakumatera njuchi ina, yobwera pa njinga. Ife za pamsika sitigamulira mlandu. Ukawauze atsibweni ako abwere okha, chimanga chisanalowe m'nkhokwe, adzatiuze kuti njuchiyi ndi ya mng'oma wa yani. Akakhala chete, tidzadziwa kuti yankho lake ndi limenelo, ndipo sitidzavutitsananso."

Kodi Lufeyo adali kuti nthawi imeneyi? Thupi lidali pomwepo, koma mutu udali m'pepala, ukulimbana ndi chiganizo cham'mbuyo, ngati duwa lilembedwe kuti lonunkhira kapena la fungo lokoma. Khutu lake lidangotolapo mawu amodzi, njuchi, ndipo adawakonda. Adalemba kuti ngakhale njuchi za kutali zimachitira umboni kukoma kwa duwali. Pakamwa pake pankangotuluka kuti eya, eya, zoonadi.

"Wamva, mwana wanga?" adafunsa a Chadzunda.

"Ndamva zonse, bambo, ndalembanso."

Yankho limeneli ndimalimva chaka ndi chaka ndipo limandipsetsa mtima. Munthu amati ndalembanso, ngati kuti pepala lili ndi makutu. A Chadzunda adachita manyazi kumuuza munthu wa ku koleji kuti tabwereza zimene ndanena, ndipo Lufeyo sadaganize zofunsa. Adatsanzikana bwino, wina aliyense akuganiza kuti ntchito yatheka.

Pobwerera adapuma pamwamba pa phiri, osati kuti akumbukire zimene adauzidwa, koma kuti akonze ziganizo. Adachotsa mawu ena, adaikamo ena okoma kwambiri, ndipo pofika kumudzi zolemba zake zidali zitatalika kawiri. Banja lonse lidasonkhana m'chigafa, fodya ali lendelende pamwamba pawo, ndipo Lufeyo adaimirira n'kuwerenga. Kunena zoona zidali zokoma kumva. Nangondo adapukuta misozi atamva za manja a mayi wodziwa kulera. A Dzonzi ankagwedeza mutu akuyang'ana aliyense, ngati kuti mawuwo adapeka ndi iwo.

Tionenji yekha ndiye adafunsa funso la nzeru. Adati zonsezo wamva ndipo wathokoza, koma kodi chimene anawaitanira n'chiyani, ndipo palibe chimene ati achite? Lufeyo adakanda m'mutu. Adati akuona ngati amangofuna kusonyeza chimwemwe chawo, ndipo akukumbukira pang'ono kuti anatchulapo zoti atsibweni adzawachezere akapeza mpata. Nangondo adayamba kukayika, adati munthu sangaitanitse mnzake kudutsa phiri kuti angomuyamikira. Koma a Dzonzi adadula nkhani. Adati zalembedwa zalembedwa, mwana wa ku koleji sangasiye mfundo, ndipo za kuchezazo adzachezera pa chinkhoswe pomwepo. Yankho limeneli lidawakomera chifukwa linkapulumutsa miyendo yawo.

Onani tsono mmene zidalili. Kuseri kwa phiri anthu ankadikira yankho la mawu ochepa, loti wa njingayo ndi mlongo wake. Mwana wamng'ono akadatha kulinena. Kuno anthu adayamba kunyika chimera.

Lufeyo adabwerera ku koleji, komwe adawerengera anzake zolemba zakezo ndipo adamuombera m'manja. Chimanga chidauma, chidakololedwa, chidalowa m'nkhokwe. Yotamu adapitiriza kumunyamula mlongo wake kudutsa pamsika, osadziwa kanthu. Tionenji adazindikira kuti Malizani wasiya kulemba, ndipo zidamuwawa, koma makalata masiku amenewo ankachedwa, ndiye adadzitonthoza kuti munthuyo watanganidwa ndi kukonzekera. Adasoka yekha zovala za tsikulo, zake ndi za amayi ake, ngakhalenso malaya a atsibweni ake.

Tsiku lidafika. Lufeyo adali atabweranso pa tchuthi, atakonza ndakatulo yoti alakatule. Kudacha anthu ali piringupiringu, mbuzi itaphedwa, thobwa ali m'migolo, msoti wopereka kwa akuchimuna utamangidwa miyendo pakhonde. Tionenji adali m'nyumba ndi amayi omuveka. A Dzonzi adavala jekete n'kukhala pampando pamalo poti aliyense awaone, maso ali ku njira yotsika phiri. Dzuwa lidakwera. Amayi adaimba nyimbo zolandirira alendo mpaka zidatha, n'kuyambiranso. Alendo osaoneka.

Dzuwa lili pamutu, pa njira ija padatulukira munthu mmodzi yekha ndi ndodo yake. Adali a Chadzunda, opanda tambala, opanda amayi, opanda nyimbo. Dzulo lake adali atamva pa maliro ena kuti kutsidya kwa phiri anthu aitanidwa ku chinkhoswe cha Malizani, ndipo adanyamuka nthawi yomweyo kuti akaletse manyazi, koma miyendo ya munthu wokalamba siithamanga. Adapempha kuti alankhule ndi a Dzonzi pambali. A Dzonzi, amene adali atapsa kale mtima ndi kudikira, adakana. Adati pano palibe chobisa, anene pomwepo.

"Ankhoswe anzanga, anthu anu ali kuti?" adafunsa a Dzonzi.

"Ine ndabwera kudzafunsa inu. Mwasonkhanitsa bwanji anthu m'dzina la mwana wathu, pamene yankho munatipatsa kale?"

"Yankho la chiyani?"

Apa a Chadzunda adasiya zophiphiritsa. Adafotokoza poyera za manong'onong'o a pamsika, za mwamuna wa njinga, za uthenga umene adapatsira Lufeyo, ndi mmene adadikirira mpaka nkhokwe zonse zitafoleredwa. Nangondo adayenda kupita kumene amuna ankasenda mbuzi, adamugwira dzanja Yotamu n'kubwera naye pakati pa anthu.

"Njuchi yanuyo ndi iyi. Uyu ndi mlongo wake wa Tionenji, mwana wa malemu amuna anga."

A Chadzunda adamuyang'ana mnyamatayo, adayang'ananso Lufeyo, ndipo mphumi ndi mphuno zidali zofanana moti panalibe chofunsanso. Adakhala pansi pa dothi pomwepo, mpando uli pambali.

A Dzonzi adayamba kufuula kuti uthenga woterewo sunafike pakhomo pawo, ndipo umboni ulipo wolembedwa. Adalamula Lufeyo kuti akatenge mapepala aja. Lufeyo adabwera nawo, ndipo adawerenga pamaso pa chikhamu chonse za nthaka yabwino, za tsinde, za masamba, za kuwerama mphepo ikawomba. A Chadzunda ankamvetsera ataweramitsa mutu.

"Zonsezo ndinanenadi," adatero. "Tsono werenga pamene ndinati koma."

Lufeyo adatembenuza mapepala uku ndi uku. Mawu okoma adalimo ambiri, koma kamawu kameneko mudalibe. Chimene adapeza ndi chiganizo chija, ndipo poti anthu onse ankamuyang'ana, adachiwerenga ndi mawu otsika, kuti ngakhale njuchi za kutali zimachitira umboni kukoma kwa duwali. Munthu wina kumbuyo adayamba kuseka, koma adasiya msanga.

A Dzonzi adasintha mawu. Adati basi, poti zadziwika kuti kudali kusamvana chabe, atumize uthenga ku esiteti, Malizani abwere, tsiku lisinthidwe, mbuzi ina ipezeka. A Chadzunda adapukusa mutu. Adati madzi akatayika saoleka. Malizani adadikira nyengo yonse yokolola, ndipo ataona kuti kuli zii adakhulupirira kuti za pamsika zija n'zoona. Ndi mtima wowawawo adafunsira mkazi wina konko ku esiteti, ankhoswe adapita kale, ndipo mawu adaperekedwa. Kuwabweza kukanakhala kuchititsa manyazi banja lina losalakwa, ndipo iwo sakanatha kutero.

Tionenji adali atamva zonse ali m'nyumba. Adatuluka atavala zovala zake zatsopano zija, adadutsa atsibweni ake ndi achimwene ake osawayang'ana, ndipo adakagwada patsogolo pa a Chadzunda. Sadalire. Adangofunsa ngati Malizani anafunsako za iye nthawi yonseyi.

"Mwana wanga, kalata iliyonse imene ankanditumizira inali ndi funso limodzi. Ankati kodi atsibweni ake abwera?"

Tionenji adathokoza, adadzuka n'kulowa m'nyumba, ndipo adatseka chitseko. Apa ndi pamene adalira, ndipo anthu onse pabwalo adamumva.

A Dzonzi adatembenukira kwa Lufeyo ndi mawu onse oipa amene ankawadziwa. Adamutcha chitsiru chophunzira, adati sukulu yamudya mutu, adati asadzapondenso m'chigafa mwawo. Nangondo adawasiya mpaka mpweya udawathera, kenaka adalankhula osakweza mawu.

"Mwanayu walakwa, ndipo ndilankhula naye ndekha. Koma woitanidwa munali inu, achimwene. Miyendo munali nayo, makutu munali nawo. Munasankha kubwereka a wina. Munati kandimverere, ndipo kandimverere wanuyo wabwera n'kutinenera za m'maluwa."

A Dzonzi adabwerera pampando wawo uja, jekete lili m'thupi. Anthu adayamba kuchoka mmodzimmodzi. Amayi amene adabwera kudzaphika adagawana nyama ndi thobwa kuti zisawonongeke, ndipo pamodzi ndi zimenezo adatenganso mawu a Nangondo kupita nawo kwawo. Posakhalitsa adamveka pachitsime, pamsika, ngakhale kuseri kwa phiri. Munthu akatuma mnzake ku msonkhano umene amayenera kupita yekha, ena ankamukumbutsa za a Dzonzi. Patapita nthawi mayina adaiwalika, mawu okha ndiwo adatsala.

Akuti Lufeyo atabwerera ku koleji adasintha. Ankakhala kutsogolo, ankaika cholembera pansi mphunzitsi akamalankhula, ndipo zidziwitso zake zidafupika moti anzake ankadandaula kuti luso lamuthera. Zabwino ndithu, koma phunziro limenelo adalipirira ndi mlongo wake, amene sadalakwe kanthu. Tionenji adakwatiwa patapita zaka, kwa munthu wina, ndipo pa nkhani ya ukwati umenewo adapempha kuti nkhoswe yake akhale Yotamu.

Apa ndi pamene padachokera mwambi uja woti: Kandimverere adakanena za m'maluwa.

Mwambiwu umadzudzula anthu awiri, ndipo onsewo ndimawaona m'kalasi mwanga. Woyamba ndi wotuma. Nkhani ikakhala yako, pita wekha ukamve ndi makutu ako, chifukwa wotumidwa samva kuwawa kumene iwe ukanamva, ndiye sadziwa pamene ayenera kutchera khutu. Inu amene mumagona ku hositelo n'kuuza mnzanu kuti akakumverereni phunziro, kenaka n'kukopera zimene iye walemba, dziwani kuti mukukopera zimene zinamusangalatsa iyeyo, osati zimene zinaphunzitsidwa. Mayeso akafika mumadabwa kuti funso lachokera kuti, chonsecho linanenedwa poyera inu muli m'bulangete.

Wachiwiri ndi wotumidwa, ndipo wolemba aliyense ndi wotumidwa, chifukwa amasenza mawu kupita nawo kwa munthu amene panalibe. Za m'maluwa ndi nkhani zokoma kumva koma zopanda mutu, zimene munthu akamaliza kumva sadziwa chochita. Sindidana ndi mawu okoma ayi. A Chadzunda adali nawo ambiri, koma ankadziwa kumene akupita nawo. Chimene ndikupempha n'chochepa. Munthu akamalankhula, mverani mpaka amalize. Musanachoke, mubwerezereni zimene mwamva m'mawu anuanu, kuti ngati mwaphonya akukonzeni mukadali pomwepo, ndipo palibe amene adafapo ndi manyazi a kufunsa. Mukakhala pansi kuti mulembe, yambani ndi chimene munthuyo sangakhale osachidziwa, ngakhale chitaoneka chochepa. Malo akatsala, dzalanipo maluwa anuwo.

Ndanena zambiri, ndipo ndikudziwa kuti ena mwa inu mwangotolapo za njuchi. Mnzanu akakufunsani kuti nkhaniyi ikuti chiyani, musamufotokozere. Mupatseni awerenge yekha.